Pomwe Sitima ndi Kachasu Zinaima

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinasiya kuyenda patsogolo pa anthu. Popita kuchitsime ndinkakhala womalizira pamzere, kusukulu ndinasamukira kubenchi ya kukhoma, ndipo kutchalitchi ndinkakhala kufupi ndi chitseko, pakati pa amayi a ana olira. Anthu a m'mudzi mwathu, m'dera la Magodi, ankati mwana wa malemu uja wakula ndi ulemu. Sunali ulemu. Ndinkangofuna kuti aliyense amene ndimamukonda azikhala pomwe maso anga akumuona, chifukwa ndinali nditadziwa kuti munthu amatha kufera kumbuyo kwako iwe osazindikira.

Adada anga anali mlimi wa chimanga ndi mtedza, munthu wamtali, wouma pakamwa koma wofewa mtima. Chuma chawo chonse chinali ng'ombe ziwiri zolima. Ina inali yakuda bii, yaikulu, yoyenda mowongoka ngati ikudziwa kale kumene ikupita, ndipo dzina lake linali Sitima. Inzake inali yofiira, ya nyanga imodzi yopindikira pansi, yoyenda modzandira pang'ono, ndipo inabwera ndi dzina lake kuchokera kwa amene anatigulitsa: Kachasu. Amayi, pokhala munthu wopemphera, anayesetsa kuisintha dzina kuti ikhale Chisomo, koma ng'ombeyo inakana kwamtuwagalu. Ukaiitana Chisomo inkangopitiriza kudya. Motero adada, mkulu wa mpingo wathunthu, ankamveka m'munda akufuula Kachasu m'mawa uliwonse, ndipo abusa akamadutsa pa njinga, iwo ankangoimba mluzu.

Ine ndinali woyamba kubadwa, ndipo mlongo wanga Wezi anali akadali kamwana kothamanga kopanda kabudula. Choncho ntchito yotsogolera ng'ombe inagwera ine. Wotsogolera amagwira chingwe chomangidwa kunyanga, n'kumayenda patsogolo, wina ali pambuyo atagwira pulawo. Lamulo la adada linali limodzi, ndipo ankalinena mu Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chitumbuka.

"Towela, sankha mtengo umodzi kutsogolo uko, uziyang'ana wamene uyo. Ukacheuka mzere ukhota. Vakumbuyo ni vanga."

Ndinkanyadira lamulo limeneli. Anzanga ankatsogolera ng'ombe akuyang'ana uku ndi uku, mizere yawo ili khotekhote, koma yathu anthu ankaima pamsewu kuiyang'ana.

Munali mu Disembala, chaka chotsatana ndi chilala chachikulu chija cha 1992. Mvula inali itagwa bwino, ndipo aliyense ankalima ngati akubwezera njala. Ndikukumbukira fungo la dothi lotembenuzidwa kumene, akakowa oyera akutera m'mbali mwathu, ndi mpweya wofunda wa Sitima pamsana panga. Ndinali nditasankha mtengo wa msuku kumapeto kwa munda. Adada ankaimba mluzu kumbuyo monga mwa masiku onse. Kenako mluzu unasiya, koma sindinaganize kanthu. Titafika pafupi ndi chulu cha pakati pa munda, ng'ombe zinaima.

Ndinakoka chingwe. Sizinasunthe. Ndinakokanso ndi manja awiri, ndinazikalipira, ndinamenya Kachasu pamphuno ndi nsonga ya chingwe, maso anga ali pa msuku uja monga ndinaphunzitsidwira. Ndinkadabwa kuti adada bwanji sakuzikuwira. Sindidziwa kuti ndinalimbana nazo nthawi yaitali bwanji. Mwina inali mphindi imodzi, koma m'mutu mwanga mpaka lero ndi m'mawa wathunthu. Potsiriza ndinaswa lamulo, ndinacheuka. Adada anali atagwera kutsogolo pakati pa zogwirira za pulawo, mkono umodzi utakola pachitsulo, nkhope ili m'dothi. Chipewa chawo chinali chitagwera mumzere.

Pamaliro anthu ankati chakudza sichiimba ng'oma. Ena ankati munthu wafera pantchito yake, wafa imfa ya mwamuna. Palibe amene anandifunsa zomwe ndinkachita pa nthawi ija, ndipo ine sindinauze munthu. Ndinasunga mumtima kuti bambo anga ankafa ine ndikukoka ng'ombe kuti ziwaguze m'dothi, ndiponso kuti ndikanacheuka msanga mwina akanakhala moyo. Anthu a mpingo anadzamaliza munda uja ndi makasu. Ng'ombe zinkatengedwa ndi anyamata a m'mudzi kukadya pamodzi ndi zawo, ndipo ine ndinkalambalala khola ngati muli njoka.

Chinthu chija chinayamba patapita milungu yochepa. Ndimati chinthu chifukwa nthawi imeneyo ndinalibe dzina lochitchulira. Amayi akangolowa m'nyumba ine ndili panja, kapena akapita kuseri kwa nkhokwe, mtima unkayamba kugunda mpaka m'makutu. Mpweya unkachepa, manja ankazizira, ndipo ndinkadziwa motsimikiza kuti agwa. Ndinkathamanga kukawaona, n'kuwapeza akupeta chimanga. Mtima unkakhala pansi kwa kanthawi, kenako unkayambiranso. Kusukulu ndinkatha kudzuka pakati pa masamu n'kuthamanga ulendo wonse wobwerera kunyumba, kukangoona kuti amayi akupuma. Aphunzitsi anandikwapula kawiri, kachitatu anangondiyang'ana n'kundisiya.

Azimayi a m'mudzi anali ndi maganizo awo. Ena ankati ndi vimbuza, mizimu imene kwathu amaivinira ng'oma, ndipo ankauza amayi kuti asachedwe. Amayi anakana, nanditengera kuchipatala chaching'ono, kumene anandibaya chala n'kunena kuti malungo mulibe. Ananditengeranso kwa amayi a mpingo, amene anandiika manja pamutu mpaka khosi linawawa. Ndinkapemphera inenso, ndipo pemphero langa linali lofanana tsiku lililonse: Mulungu chotsani mantha awa. Sanachoke. Lamlungu lina mlaliki analalikira za munthu wogwira pulawo amene amayang'ana m'mbuyo, kuti ameneyo sayenera. Ndinatuluka panja. Ndinali nditalakwa posacheuka, tsopano ndinali kulakwa pocheuka, ndipo sindinkadziwa kuti Mulungu akufuna ndiyang'ane kuti.

Chaka chitatsala pang'ono kukwana, mitambo itayamba kusonkhana, kunabwera adada aakulu, mkulu wawo wa adada. Iwo ankakhala ku Kapichila, kumene anali ndi khola lalikulu ndi ana aamuna asanu. Anali munthu wa ndevu zoyera, wovala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo ine ndinkawaopa kwambiri. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, nakhala pampando wa malemu. Amayi anakhala pamphasa chapatali, ine kumbuyo kwawo.

"Monire, mulamu," anatero adada aakulu.

"Yewo, alamu. Mwayenda bwanji?"

Atafunsana za moyo ndi za mvula, adada aakulu anakhosomola n'kulowa m'nkhani.

"Mulamu, ine sinifuna vokambakamba. Ng'ombe zolima sizinkhala pa nyumba yamene palibe ozilimisa. Sizoni yolima yafika manje. Anyamata a muno anayesa kuziika pa goli, Kachasu anathyola zikeyi, mitengo ya m'khosi ija, namvela. Mvula ikagwa nizabwela pa siku lachitatu. Nikapeza zili chiimile, nizazitenga. Ana naonso sangankhale pa njala. Ni magazi athu."

Amayi anangoti, "Ndamva, alamu."

Ndinali mwana, koma mawu amenewo ndinawamvetsa bwino. Amayi anga sanali a kuno. Anachokera ku Kasungu, ku Malawi, kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, ndipo ndi kumene adada anawaonera. Kwathu ana ndi a kuchimuna. Ng'ombe zikanapita, munda waukulu uja ukanatikanika ndi khasu limodzi, ine ndi Wezi tikanatsatira ng'ombezo ku Kapichila, amayi n'kubwerera kwawo okha. Adada aakulu sanali munthu woipa. Ankachita zimene mkulu wa banja ankayenera kuchita, ndipo zimenezo ndi zomwe zinkandiopsa kwambiri, chifukwa panalibe amene akanawatsutsa.

Panalinso vuto lina. M'banja la adada, monga mwa mwambo wa makolo awo amene anabwera ndi ng'ombe kuchokera kummwera, mkazi wokwatiwa kuchokera kwina salowa m'khola. Amayi anakhala pakhomo paja zaka khumi ndi ziwiri osapondamo phazi. Mwana wamkazi wobadwira pakhomopo amalowa. Choncho m'nyumba yonse munthu amene akanatha kulowa m'khola, kumanga Sitima ndi Kachasu chingwe n'kuzitulutsa, anali ine. Ndiponso ng'ombezo zinali zitazolowera msana umodzi wokha patsogolo pawo, ndipo msanawo unali wanga.

Amayi anadikira mpaka mawa lake masana, tikusenda mtedza wa mbewu pakhonde.

"Pulawo ndigwira ndine," anatero, maso ali m'lichero. "Bambo ako akatopa ankandipatsa. Si zachilendo."

Ine ndinapitiriza kusenda.

"Koma ng'ombe sindingazitsogolere ndili kumbuyo."

"Sindingathe, amayi."

"Ukuopa ng'ombe?"

"Ayi."

"Nanga ukuopa chiyani?"

"Mukhala kumbuyo kwanga."

Amayi anasiya kusenda. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikuganiza kuti ndi tsiku limenelo pamene anamvetsa chifukwa chake mwana wawo ankawatsatira mpaka kubafa. Sanandiuze kuti ndilimbe mtima, mawu amene ndinali nditawamva chaka chonse mpaka kutopa nawo. Sanandilonjezenso kuti sadzagwa.

"Chabwino," anatero. "Maso ako sangakhale kuwiri. Koma makutu uli nawo. Ine ndiziyankhula kumbuyoko, osasiya. Ukamandimva, ndiye kuti ndilipo."

"Muziyankhula chiyani?"

"Iwe, unayamba wandionapo nditasowa chonena?"

Ndinaseka, koyamba patapita miyezi yambiri, chifukwa zinali zoona. Adada ankati anakwatira wailesi yosafuna mabatire.

Mvula inagwa Lolemba masana, yamphamvu, yosiya madzi ali thithithi m'mabwalo. Lachiwiri nthaka inali yonyowa kwambiri moti sitikanalima. Lachitatu, lomwe linali tsiku la adada aakulu, tinadzuka dzuwa likungotuluka. Amayi anasiya Wezi kwa oyandikana nawo, nasenza goli mpaka pakhomo la khola, n'kuima pomwe mwambo unkawaimitsa. Ine ndinachotsa mitengo yotsekera.

M'khola munali matope ndi ndowe zofika m'akakolo. Fungo lake linandibwezera m'manja mwa adada, ndipo ndinamva chinthu chija chikuyamba. Sitima inali itaima pakona. Ndinali nditaiwala kukula kwake. Linunda lake linali pamwamba pa mutu wanga, nthunzi ikutuluka m'mphuno zake m'kachisisira ka m'mawa. Inanditembenukira, inandiyang'ana, kenako inayenda pang'onopang'ono mpaka pamene ndinaima, n'kutsitsa mutu wake waukulu uja kuti ndimange chingwe. Chaka chathunthu ndinali ndisanaiyandikire. Kachasu, imene inathyola zikeyi za anyamata, inangotsatira mnzake ngati dzulo lomweli tinali limodzi. Ndinazitulutsa ndikulira mwakachetechete, amayi n'kuziika goli.

Tinayambira kumalire a munda, kutali ndi chulu. Ndinasankha mtengo, osati msuku uja, wina. Ndinamva tcheni chikukokeka, pulawo ikuluma nthaka, ndipo nthawi yomweyo khosi langa linafuna kutembenuka lokha. Koma mawu anayamba.

Amayi anayamba ndi pemphero, lalitali, lotchula aliyense mpaka abusa ndi njinga yawo. Litatha anayamba kuimba nyimbo za kutchalitchi, mpweya ukuwathera pakati pa mizere. Nyimbo zitatha anayamba kutchula abale awo a ku Kasungu, mmodzimmodzi, amoyo ndi akufa, ndi zolakwa za aliyense. Anandiuza za mchimwene wawo amene anagulitsa mbuzi imodzi kwa anthu awiri, za tsiku limene adada anabwera kudzawafunsira atavala nsapato zobwereka zosiyana kukula, za mayi wina wa m'mudzi amene ankathira madzi m'mafuta ogulitsa. Pena ankakalipira Kachasu, pena ankakalipira pulawo, pena ankangoti, "Ndilipo, Towela, ndilipo, yenda." Mtima wanga sunasiye kugunda. Thukuta lozizira linkatsika m'khwapa, ndipo kangapo maso anachita mdima. Koma miyendo inkayenda, ndipo pamapeto pa mzere uliwonse, potembenuza ng'ombe, ndinkawaona amayi ali matope okhaokha, duku litapendekeka, akupuma ngati athamanga.

Mizere inkayandikira chulu. Ndinkadziwa, amayi ankadziwa, koma palibe ananena. Munda sungaulime mozungulira malo amodzi mpaka kalekale. Dzuwa litakwera ndithu, ndinaona kumsewu munthu wa jekete akutsika pa njinga, chingwe chachikulu chitakulungidwa pakaliyala. Adada aakulu anaima m'mphepete mwa munda, manja kumbuyo, osayandikira.

Tinalowa mzere wodutsa m'mbali mwa chulu. Amayi anali pakati pa nkhani ya ukwati wa msuweni wawo. Ndinawerenga mapazi anga. Ndipo pamalo pomwe paja, osapitirira ngakhale phazi limodzi, chingwe chinalimba m'manja mwanga. Ng'ombe zinaima. Mawu a amayi anadukira pakati.

Sindingathe kufotokoza bwino za chete ameneyo. Akakowa anali pomwepo, dzuwa linali pomwepo, fungo la dothi linali lomwe lija. Ndinadziwa kuti zachitikanso. Sindinakoke chingwe, koma kucheukanso kunandikanika. Ndinaima chilili, maso pamtengo, mpweya osalowa. Pemphero lokhalo limene linatuluka linali la mawu awiri, "Ambuye, chonde," ndipo sindinadziwe kuti ndikupempha chiyani. Kenako ndinamva mphuno yonyowa ya Sitima ikundigunda pang'ono paphewa. Ndinatembenuka.

Amayi anali chiimire, manja onse ali pa pulawo, misozi ikutsika m'matope a kumaso kwawo. Anali moyo. Ankangoyang'ana ng'ombe.

Sitima inatsitsa mutu mpaka pansi, inanunkhiza dothi, n'kupuma mwamphamvu moti fumbi lonyowa linauluka. Kenako inatukula khosi m'goli muja n'kulira. Sikunali kulira kwa ng'ombe yofuna msipu kapena madzi. Kunali kulira kotalika, kochokera pansi pa mimba, kumene ndinakumva m'mapazi ndisanakumve m'makutu. Kachasu inayankha. Kutali kudambo, ng'ombe za m'mudzi zinayankhanso. Pamalopo panalibe chizindikiro chilichonse. Mvula ya chaka chathunthu inali itagwapo, makasu a anthu a mpingo anali atapatembenuza, udzu unali utamera n'kuuma. Ine ndi amayi tinkapadziwa chifukwa cha chulu chokha. Koma nyama ziwiri zija zinapadziwa, ndipo zinakana kupondapo ngati palibe chinachitika. Tsitsi linandiimirira. Ndinachita mantha, koma sanali mantha aja a masiku onse. Anali ofanana ndi amene umamva ukalowa m'tchalitchi mopanda anthu.

Adada aakulu anabwera akuyenda pamizere, nsapato zawo zikumira m'matope. Atafika anavula chipewa. Ndinazindikira kuti chiyambire maliro anali asanapondemo m'munda umenewu.

"Ni pano?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndi pano, alamu," anayankha amayi.

Munthu wamkulu uja anagwada m'matope ndi buluku lake la ulendo, nagwira dothi ndi dzanja. Anayesa kupemphera mu Chitumbuka, koma anangokwanitsa kunena kuti, "Chiuta Dada, mutovwire," kutanthauza Mulungu Atate mutithandize, mawu n'kuwathera. Kuona adada aakulu akulira kunamasula chinthu chimene ndinachimanga chaka chonse, ndipo chinatuluka chokha.

"Ndinazikoka," ndinatero. "Tsiku lija zitaima ndinazikoka. Ndinamenya Kachasu. Adada anali atagwa, ine sindinacheuke."

Amayi anasiya pulawo, nabwera kudzandigwira mapewa. Manja awo anali otupa, matuza ataphulika.

"Chaka chonsechi wasenza zimenezi wekha?"

Ndinagwedeza mutu.

"Mwana wanga, a kuchipatala anati mtima wa bambo ako unaima kamodzi. Ukanakhala ndi maso kunkhongo, ukanangowaona akugwa, basi. Palibe chimene ukanachita."

"Koma ndinakoka."

"Unakoka, inde. Nanga zinayenda?"

"Ayi."

"Ndiye ukuona. Iwe unapatsidwa kutsogolo, unagwira ntchito yako. Kumbuyo kunali ndi Mwini wake, ndipo sanagone. Anaimitsa ng'ombe ziwiri zamphamvu ngati izi kuti mwamuna wanga asaguzidwe m'dothi. Kamwana ngati iwe ukanazisuntha?"

Adada aakulu anadzuka, napukuta maso ndi chipewa. Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Mufana wanga anakuuza kuti vakumbuyo ni vake, si conco? Atate athu ndiye anatiphunzisa. Naine n'nali kusogolela, iye ali mwana. Unamvela lamulo, mama. Ulibe mulandu."

Tinakhala pamenepo kanthawi, anthu atatu ndi ng'ombe ziwiri. Kenako amayi anabwerera ku pulawo, naigwira, nati, "Tiyeni." Ng'ombe sizinasunthe. Adada aakulu, amene anakulira m'khola, anaimba mluzu, naziitana maina, nagunda Sitima pathako. Sizinasunthe. Onse awiri anandiyang'ana.

Ndinatembenukira kutsogolo. Mtengo umene unali m'maso mwanga unali msuku uja. Sindinakoke chingwe. Ndinangonena, ndi mawu ang'ono, kuti, "Sitima, Kachasu, tiyeni." Ndinamva goli likulira, tcheni chikuwongoka, ndipo chitsulo chinalowa m'nthaka n'kudutsa pamalo pomwe panagona adada. Kumbuyo amayi anapitiriza nkhani ya ukwati ija pomwe anaisiyira, mawu ali osasa.

Titafika kumapeto kwa mzere, tinapeza adada aakulu atavula jekete, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, ataikoleka pa njinga.

"Mulamu," anatero, "mizele yanu yakhota monga njila ya oledzela. Koma cimanga siciziba ivo, cizamela cabe. Pumulani manja ayo, nigwileko."

Analima nafe mpaka dzuwa litafika pamutu. Sanayankhule zambiri kumbuyoko, koma amayi ankayenda pambali pawo akuwasimbira nkhani, moti mawu sanaduke. Madzulo anakwera njinga yawo kubwerera ku Kapichila okha. Za kutenga ng'ombe kapena ana sanazitchulenso, chaka chimenecho kapena china chilichonse.

Ndikanakonda kulemba kuti kuyambira tsiku limenelo ndinachira, koma likanakhala bodza. Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo chinthu chija ndikadali nacho. Anamwino anandiuza dzina lake, kuti ndi matenda a nkhawa, nandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono chikabwera. Mwana wanga akachedwa kuchokera kutauni, manja amazizirabe. Ndinasiya kuchita nacho manyazi, ndipo ndinasiya kuganiza kuti ndi umboni wa chikhulupiriro chochepa. Kwa chaka chathunthu ndinapempha Mulungu kuti achotse mantha, ndipo sanawachotse. Anandipatsa mayi wolongolola, ndi ntchito yoti ndigwire mantha ali pomwepo. Chimene ndinachimvetsa mochedwa n'chakuti nkhawa zanga zinkandinamiza kuti ndine mlonda wa moyo wa aliyense, kuti ndikangophethira wina afa. Udindo umenewo si wa mwana wa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo si wa munthu wamkulu. Sindinapatsidwe ine.

M'mwezi wa Marichi chimanga chinakhwima. Cha pafupi ndi chulu chinali chachitali kuposa china chonse, monga chimakhalira chimanga cha pachulu. Tsiku lina masana amayi anapita okha kukathyola zitatu pamalo paja. Ine ndinatsala pakhomo ndi Wezi, mtima ukugunda, koma ndinatsala. Atabwera anaziotcha, china anapatsa Wezi, china anatenga okha, china anandipatsa ine, nandiuza kumene achithyola. Ndinachigwira nthawi yaitali mpaka chinayamba kuzizira. Amayi sanandikakamize. Kenako ndinaluma. Chinali chotsekemera, ndipo ndinadya chonse ndikulira, chifukwa ndinali ndi njala.